Subaru yoyera imene ndinaikana pa Biwi

"Iyo musataye nayo nthawi, bwana. Ndi ya amphawi a ku Japan."

Anandiuza choncho mnyamata wogulitsa magalimoto pa Biwi, Loweruka lina mu Okutobala 2016, dzuwa likuswa mtengo. Ndinaseka, msuweni wanga nayenso anaseka, tonse n'kuifulatira galimoto yoyerayo ili duu pakona, fumbi lili mbuu pagalasi. Zaka zapitapo ndithu, koma mawu amenewa akukana kutuluka m'mutu mwanga. Amandipeza pamzere wa petulo, amandipezanso usiku ndikamva Subaru ikudutsa kumsewu. Ndati ndiwalembe, kapena angandisiye.

## Zinaima moyandikana

Ndalama zinali m'chikwama cha laputopu, msuweni ali pambali ngati mlonda. Zinali za zaka zitatu, kuphatikizapo chipereganyu cha ku ofesi chimene ndinachita kupempha kuti ndidzalandire pomaliza. Anzanga nthawi imeneyo ankagula ma Vitz, ma Passo, ma Axio, magalimoto a anthu oganiza za mawa. Ine mtima unali pa Subaru kuyambira ndili ku sekondale, pamene ndinang'amba chithunzi m'magazini ya eni ake n'kukachimata pakhoma la kumphala: Impreza ya buluu, marimu agolide, 555 wamkulu m'mbali, matayala onse anayi ali m'malere. Colin McRae anatenga nayo ukatswiri wa dziko lonse mu 1995, ndipo mu 1997 anapambana Safari Rally ku Kenya, m'misewu ya fumbi ndi matope yosasiyana ndi ya kwathu ku Kasungu. Sindinkadziwa n'komwe kuti 555 uja linali dzina la ndudu. Bambo anga mlimi wa fodya, ine n'kumagona pansi pa chikwangwani chotsatsa fodya osazindikira.

Tsikulo pa Biwi panali ma Impreza awiri, ataima moyandikana ngati akudikira ine.

Yoyamba inali chithunzi changa chija chitatsika pakhoma. Ya buluu, ya 2001, ya maso obulungira aja, marimu agolide, kumbuyo kuli chiphiko choti mwana akhoza kukhalapo. Magalasi akuda, wailesi ya sikirini, chisipika m'buti. Kumbuyoko anamatako sitika ya pinki ya STi, dzina la ma Impreza amphamvu kwambiri, pambali pake ina ya S202. Mnyamata uja analiza injini, pansi n'kuyamba kunjenjemera: gudu gudu gudu gudu.

"Mwaimva, bwana? Imeneyi ndi S202. Anapanga zowerengeka. M'Malawi muno simuipezanso ina. Fulu hausi."

Yachiwiri inali yoyera ngati ambulansi, ya 2003. Phiko palibe. Marimu ang'onoang'ono, osapatsa chikoka. Chitseko chinandipepukira m'manja, ndipo potseka chinalira ngati chitini chopanda kanthu. Magalasi anali opukusa ndi dzanja ngati a Datsun ya amalume. Pamalo pa wailesi panali chivindikiro cha pulasitiki, AC munalibe, padenga panali kachitseko kokankha ndi dzanja ngati ka m'basi. M'buti, mmene ndinkaganiza zoika zikwama popita kumudzi, munali chigubu cha pulasitiki cha timapaipi. Atailiza sinachite gudu gudu ayi. Inangolira mosalala, ngati Corolla imene yapsa mtima.

Inali yotsika mtengo ndi pafupifupi K1 miliyoni. Sindinaikwere n'komwe. Madzulo ake ndinalowa mu Area 25 pa ya buluu, magalasi onse nditatsitsa kuti anthu aone amene akuyendetsa.

## Miyezi isanu ndi itatu ya ulemu

Ndisaname, ndinanjoya. Alonda a pageti ankandimva ndili kutali. Ana ankathamangira kumsewu. Ku Senga Bay ndinapitako kanayi popanda chimene ndinkakatenga. Aliyense wofunsa ndinkamuyankha motsitsa mawu, ngati munthu wosafuna kudzitama: "Ndi S202, anapanga zowerengeka." Mawu a wogulitsa aja anasanduka anga.

Kenako inayamba kutentha pokwera zitunda. Mnzanga wa ku ofesi anati ku Kawale kuli mdala wina amene ma Subaru amawadziwa ngati ana ake.

## Pansi pa mtengo wa mango

Galaja yake inali mpanda wa malata ndi mtengo wa mango, basi. Ndikungolowa chonchi, ndinaiona. Yoyera ija. Zitseko atazisenda m'kati, mawaya ali lendelende. Mnyamata wina ali padenga ndi silikoni, akumata kachitseko kaja. Chigubu cha m'buti chili pansi pafupi ndi matayala akutha, nkhuku ikujompha kapaipi kake.

Mdalayo anali atakhala pa injini yakufa, dzanja lili patsaya, akuonerera ntchitoyo ngati munthu wa pamaliro. Titapatsana moni ndinati ndiseketse.

"Madala, ya amphawi ija yafika kuno?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mumaidziwa, achimwene?"

"Ndinaikana pa Biwi chaka chatha. Ndinatenga iyi."

"Munaikana." Anabwereza ngati akulawa mawuwo. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kunena kuti nditsegule boneti yanga.

Za kutentha sanayambe nazo. Anapita pakona, pamwamba pa shoko, pamene pamakhala kachitsulo kolembedwa ku fakitale, n'kukapukuta ndi chala.

"Werengani zilembo zitatu zoyambirira."

"G, D, A."

Anandigwira dzanja ngati mwana wa sitandade 1 mpaka pa yoyera ija. "Nanga apa?"

"G, D, B."

"Nkhani yonse ili pomwepo. GDA ndi WRX. GDB ndi STi. Yanuyi ndi galimoto yabwino, sindikuinyoza, koma u STi wake uli pa sitika pokha. Magiya anu ndi angati?"

Anali asanu. A yoyera anali asanu ndi limodzi. Anandionetsa mapaipi a mpweya pamwamba pa injini: anga otuwa, a inayo ofiira ndi okhakhala. Injini yanga ndi EJ205, ya 250 PS (PS ndi muyezo wa mphamvu ya injini). Inayo ndi EJ207, ya 280 PS, singano yake yofika pa 8,000 isanalowe pofiira. Miyezi yonseyi ndinkatsegula boneti yanga pa filingi siteshoni kuti anthu asirire, osadziwa chimene ndikuwaonetsa.

Ndinayesa kudziombola. "Chabwino madala, ndi STi. Koma ndi yotsika. Ilibe kanthu."

Apa mdalayo anaima njii. Anauza mnyamata wa silikoni kuti atsike. Anaika chala chachikulu padenga n'kudinikiza, dengalo linalowa m'kati pang'ono n'kubwerera. Anagogoda galasi ndi chikhadabo.

"Denga lopyapyala. Magalasi opyapyala. Zoletsa phokoso anazichepetsa. Inu mukuganiza kuti a ku Japan anasowa ndalama ya kamota ka galasi? Iyi sanaimane zovala, achimwene. Anaivula dala kuti ithamange. Dzina lake ndi Spec C."

Anandiuza kuti zaka zambiri anathera ku Lusaka, akugwira sipanala kwa anthu a mipikisano ya m'tchire. Kumeneko masewerawa ali ndi eni ake: Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa kasanu ndi katatu, Muna Singh n'kudzatenga mu 2004 ndi 2005. Anati magalimoto ngati iyi ankafika oyera choncho, osavala kanthu, iwo n'kuchotsa mipando, kuwotcherera zitsulo zoteteza m'kati, ulendo wa kutchire. Malamulo a gulu lotchedwa Group N salola kusintha zambiri pa galimoto yochoka ku fakitale. Choncho chimene ukufuna kudzakhala nacho pampikisano, fakitale iyenera kuchiikiratu pa galimoto yogulitsa kwa anthu wamba. Spec C inabadwa motero, ndipo C ameneyo ndi wa mawu achingerezi otanthauza mpikisano.

Kenako anayamba kutola chimodzichimodzi zonse zimene ndinaziseka pa Biwi. Kachitseko ka padenga: galimoto ikathamanga, mpweya woyera umalowera pamwamba n'kudzaza m'kati, ndipo fumbi limasowa polowera m'timipata ta zitseko. Marimu ang'ono: Spec C inkatuluka mitundu iwiri, ya marimu a 17 yokhala ndi mabuleki a Brembo, ya pa phula, ndi ya marimu a 16 yokhala ndi mabuleki ocheperapo kuti marimu a 15 a matayala a m'miyala azikwanapo. "Iyi ndi ya 16," anatero. "Yovula kuposa zonse." Chigubu chija chimalowa malita 12 a madzi. Pansi pa mphuno ija ya pa boneti pali intercooler, kachipangizo konga radiyeta kamene kamaziziritsa mpweya wochoka mu turbo usanalowe mu injini. Kakatentha, mphamvu imagwa. Madziwo amapoperedwa pamenepo. STi wamba ili ndi kachigubu kakang'ono kutsogolo. Spec C anaipatsa chachikulu n'kuchiika kumbuyo, kuti chisathe msanga komanso kuti kulemera kusaunjikane kumaso.

Ndinatsala ndi chipolopolo chimodzi. "Nanga bwanji silira ngati Subaru?"

Ananjuta, n'kuyamba kujambula padothi ndi sikuludiraiva. Mapisitoni anayi ogona chammbali, awiri uku awiri uku. Pa ma Subaru akale, mapaipi a utsi ochoka mbali imodzi ndi aatali kuposa a mbali inayo, ndiye utsi umafika ku turbo mopunduka, wina msanga wina mochedwa. Gudu gudu amene timamukonda uja ndi kutsimphina kwa utsi. Kuyambira Novembala 2002, STi ya ku Japan anaipatsa mapaipi ofanana kutalika ndi turbo ya njira ziwiri, kuti izigwira msanga. Kutsimphina kunatha, phokoso lija n'kupita nako.

"Ndiye mwini wake akuti chiyani?"

Mwini wake anali mkulu wina wogula soya ndi mtedza cha ku Mchinji. Ankafuna magalasi a magetsi, ankafuna denga lisamadonthe, ankafuna chigubu chichoke palowe sipika. Zimenezo mdalayo analola, ana ayenera kudya. Koma mkuluyo ankafunanso kuti amuikire mapaipi akale aja, galimoto izilira ngati Subaru yeniyeni.

"Zimenezo ndamuuza kuti akapangitse kwina."

Pobwerera pa ya buluu anaima kumbuyo kwake n'kuloza sitika. Anati S202 yeniyeni anaimanga pa thupi la Spec C yoyamba, ya maso obulungira. Kunena kwina, ndinalipira K1 miliyoni yapamwamba kugula dzina la m'bale wake wa galimoto imene ndinaikana.

Vuto la kutentha linali thermostat. Anasintha pa mphindi makumi awiri.

## Ovula ndi ovala

Nditafika kunyumba ndinatenga mpeni wa patebulo n'kukanda masitika onse awiri. Mkazi wanga anandionerera pazenera osafunsa kanthu. Kuyambira usiku umenewo ma bandulo anga anayamba kuthera pa masamba a Chijapani otanthauziridwa mokhotakhota ndi foni. Ndinaphunzira kuti eni ake mibadwo itatu ya galimotoyi amaitchula ndi maso: ya maso obulungira ya 2000, ya maso a misozi ya 2002, ya maso a kabawi ya 2005. Ndinaphunziranso kuti chilembo chachinayi pa kachitsulo kaja, kuyambira A mpaka G, chimanena chaka, ndipo kuyambira pa E ya 2004 mabowo a marimu a STi anatalikirana, kuchoka pa mamilimita 100 kufika pa 114.3. Amene anagulapo marimu pa Biwi n'kukapeza kuti sakulowa akudziwa ululu wake.

Koma chachikulu chimene ndinaona n'chakuti ma Impreza osowa ali m'mabanja awiri, ndipo amasowa pa zifukwa zosemphana.

Banja loyamba ndi la ovula. Muzu wake uli mu Januwale 1989, pamene a Subaru Tecnica International (STI), kampani imene inali itangokhazikitsidwa mu 1988, anatenga ma Legacy kupita nawo ku Arizona n'kuyendetsa makilomita 100,000 pa liwiro la makilomita 223 pa ola, kuswa mbiri ya dziko lonse. Zilembo za RA, zimene zili pa maina a magalimoto a banja limeneli, a Subaru amati zimachokera pamenepo, pa kuyesa kuswa mbiri. Pa Impreza ya m'ma 1990, GC8, Type RA inali ya zitseko zinayi, kachitseko padenga, magiya afupiafupi. Mu Disembala 2001 kunabwera Type RA Spec C, yopepuka ndi makilogalamu pafupifupi 90 poyerekeza ndi STi wamba. Ndi matumba awiri a chimanga osadzaza bwino amenewo, ochotsedwa pang'onopang'ono, apa galasi, apa chitsulo, apa kamota. Banja limeneli silidzitchula. M'kati mulibe kachitsulo konena kuti iyi ndi nambala yakuti. Ndipo chimene zikusowera lero si kuchepa kokha: zambiri zinagwira ntchito imene zinabadwira, zinawotchereredwa zitsulo, zinagubuduzika m'nkhalango, zinatha.

Banja lachiwiri ndi la ovala, ndipo ili limawerengedwa ngati ng'ombe za mfumu. Mkulu wawo ndi 22B ya Malichi 1998, yokondwerera zaka 40 za magalimoto a Subaru ndi ukatswiri wa makampani wa zaka zitatu zotsatizana, 1995 mpaka 1997. Zitseko ziwiri, thupi lotambasuka ndi mamilimita 80, injini ya 2,212 cc, zokwana 400 za ku Japan ndi zina 24 za kunja. Anzathu a makompyuta amati 22B m'kawerengedwe kawo ka hexadecimal ndi 555, ndipo ndinachita kuwerengera ndekha papepala n'kupeza kuti n'zoona. Ndudu ija yabwereranso. Mu 2000 kunabwera S201 ya 300 PS, imene ine ndikaiyang'ana ndimaona ngati mwana amene wavala jekete la bambo ake. Kenako S202 mu 2002, zokwana 400, ya 320 PS, sailensa ya titanium, phiko la carbon. S203 mu 2005, zokwana 555, mipando ya Recaro, marimu a BBS a 18. S204 mu 2006, zokwana 600, ya maso a kabawi. Iliyonse ili ndi kachitsulo ka nambala yake. Yanga ija inalibe, ndipo sindinadziwe kuti ndiyenera kukafunsa.

Mwina mwadabwa kuti STi ndi Spec C zonse n'za 280 PS pamene ma S akudutsa. Kuyambira 1989 mpaka 2004 makampani a ku Japan anali pa mgwirizano woti asalembe mphamvu yoposa 280 PS pa galimoto yotuluka m'fakitale. Ma S ankawerengedwa ngati magalimoto okonzedwanso ndi a STI, ndiye mgwirizanowo sunkawamanga.

Pali awiri amene ali ndi magazi a mbali zonse. S202 ndi mmodzi, chifukwa pansi pa zovala zake pali Spec C. Winayo ndi Spec C Type RA-R ya kumapeto kwa 2006, zokwana 300, ya 320 PS, mabuleki akutsogolo a mapisitoni asanu ndi limodzi. Imeneyo inatsekera m'badwo wa GDB.

Mutandifunsa kuti nditenge iti, ndiyankha mosachedwa chifukwa ndakhala ndikuyankha funso limeneli ndekha kwa zaka. 22B si galimoto, ndi chuma chosungira m'nyumba. Sindingagone tulo itaima panja. S203 ndi S204 anazipangira misewu yosalala, kuti zipikisane ndi za ku Ulaya. Rimu ya 18 yokhala ndi tayala lopyapyala ngati lamba, pa mahampu athu ndi maenje a nthawi ya dzinja, singamalize mwezi. S202 imandikopa, koma mwina n'chifukwa cha manyazi a sitika ija. Pa banja lonseli, imene inapangidwira msewu wonga wochoka pa Santhe kulowera kumudzi kwathu ndi imodzi yokha, Spec C ya marimu a 16. Ndipo inali pamaso panga, makiyi ali pachitseko.

## Maso amene timagulira

Kwa nthawi yaitali ndinkamusungira chakukhosi mnyamata wa pa Biwi uja. Pano ndinasiya. Za S202 mwina ananama, mwina nayenso anangowerenga sitika imene anaipeza. Koma za yoyera ija sananame, ananena zimene ankaona. Akanadziwa akanakweza mtengo.

Ife galimoto timaigula ngati kaunjika. Pa kaunjika umanyamula jekete n'kumva kulemera kwake. Lolemera ndiye labwino. Pa galimoto timatseka chitseko kuti timve ngati chikulira mwaulemu, timayang'ana zikopa pamipando, denga lotseguka, mabatani ambiri. Mawu akuti fulu hausi ndiwo muyezo wathu, ndipo ndi muyezo wanzeru kwa munthu amene akugula galimoto imodzi yoti imutumikire paukwati, pamaliro ndi kumunda. Koma ndi muyezo wowerenga zoonjezera zokha. Galimoto imene mtengo wake uli pa zimene anachotsa, muyezo umenewu umaiika pansi penipeni.

Mapepala nawonso sathandiza. Galimoto imasankhidwa pa zithunzi za pa intaneti, imatsika sitima ku Dar es Salaam, imadutsa Mbeya, imalowa pa Songwe, imakwera Chiweta. Msonkho umayang'ana zaka zake, mtengo wake ndi kukula kwa injini. Mu bulu buku yanga munalembedwa Subaru Impreza, 1,994 cc, ndipo mu ya mkulu wa ku Mchinji muyenera kuti munalembedwa chimodzimodzi. Pali kenanso koseketsa. Pa pepala la okushoni ya ku Japan, pamalo olembapo giredi ya galimoto, RA amatanthauza kuti inachitapo ngozi yaing'ono n'kukonzedwa. Ndiye munthu akakuuzani pafoni kuti ali ndi RA, funsani kuti RA wake ali pati, pabuti kapena papepala.

Mkulu wa ku Mchinji uja sindimuweruza. Yendani pa Okutobala kuchoka ku Lilongwe kupita ku Nsanje pa galimoto yopanda AC, ya magiya afupi, yopanda zoletsa phokoso, muone ngati mukafike mukuyamikira nzeru za ku Japan. Injini yakenso anaikonzera petulo wapamwamba wa kwawo amene amamutcha haioku, ndipo kuno umathira amene wamupeza, utadikira pamzere theka la tsiku. Iye anagula galimoto yotsika mtengo yokoka ndi matayala onse anayi, yoti izifika m'midzi ya soya nthawi ya matope, ndipo anaikonza kuti ikhale yokhalamo munthu. Pa muyezo wathu anachita bwino.

Chimene chimandiwawa n'chakuti khomo lija linatsekeka. Ku America galimoto yakunja imaloledwa kulowa mosavuta ikakwanitsa zaka 25. 22B inakwanitsa mu 2023, ma GDB oyamba mu 2025, ndipo ya 2003 ngati yoyera ija idzakwanitsa mu 2028. Anthu a madola atembenukira kumeneko, mitengo ku Japan yakwera. Kuno kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zimene zinkatheka ndi chipereganyu mu 2016, lero n'zongoonera pafoni.

## Ndinayesa

Musaganize kuti ndinangokhala. Patatha sabata ziwiri ndinapempha nambala kwa mdala uja n'kumuimbira mkuluyo. Tinakumana pa Namitete. Ndinamuuza kuti atenge ya buluu, ya marimu agolide, ndimuonjezerenso ndalama pamwamba. Anazungulira galimoto yanga kawiri, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, pamene inali mbulanda pa Biwi simunaifune. Mwaona kuti ndaiveka, ndiye mwayamba kuisirira?"

Ndinayamba kufotokoza za denga lopyapyala, za Group N, za malita 12. Pakati pa chiganizo ndinadzimva ndekha mmene ndikumvekera: munthu wa tayi wochoka m'tauni, akuuza mwini galimoto kuti zonse zimene wawonongerapo ndalama n'zolakwika, komabe amugulitse. Nanenso ndikanakana. Anandigulira Fanta, tinatsanzikana.

Ya buluu ndinaigulitsa mu 2019, mwana wachiwiri atabadwa. Ndinalemba chilungamo chokhachokha: WRX, GDA, magiya asanu. Inakhalitsa osagulidwa. Amene anaitenga ndinakumana naye patapita miyezi ingapo pa maloboti a ku Old Town, kumbuyo atamatanso STi ya pinki, yaikulu kuposa ija ndinakanda. Pano ndimayenda pa Sienta.

Yoyera ndinaionanso kamodzi, pa Kamwendo, nthawi yokolola. Buti ili yasa, matumba atatu a mtedza atamangidwa ndi linya, magalasi akuda, nyimbo zikugunda. Padenga silikoni uja anali atachita chikasu. Itanyamuka ndinaimva: gudu gudu gudu gudu. Anapeza wina womuikira mapaipi aja.

Chigubu chili kwathu. Mdala wa ku Kawale anandipatsa tsiku limene ndinakamuuza za pa Namitete; anati mwini wake sanachifunenso, ndipo anyamata ankafuna kuchidula kuti azitsukiramo zitsulo. Kapampu kake kakugwirabe ntchito. Ndinakalumikiza ku batire yakale kuseri kwa nyumba, ndipo mipopi ikauma mkazi wanga amathiririra nazale yake. Akuti malita 12 amakwana mabedi awiri a mpiru, koma tomato amafuna kudzaza kawiri.